Bango Limene Ndinayezera Nyumba ya Apongozi

Bangolo ndinadula ndekha kudambo la kumunsi kwa sukulu, ndipo panalibe amene anandituma. Ndayambira pamenepa chifukwa pambuyo pake amuna anga, pofuna kunditchinjiriza, ankauza anthu kuti anandilamula ndi aphunzitsi aakulu. Sizoona. Ndinalisankha ndine, lowongoka bwino, n'kulipala mfundo zake ndi mpeni, ndipo pobwerera nalo ndinali kuimba.

Chinali chaka changa choyamba cha uphunzitsi, cha m'katikati mwa zaka za m'ma 1950, pa kasukulu ka mishoni m'dera la Zingalume. Ndinali ndi satifiketi ya ku koleji ya aphunzitsi, mwana wamkazi wa miyezi isanu ndi iwiri kumsana, ndi mtima wosakhazikika. Kwathu ndi ku Zemba, koma amuna anga ananditenga chitengwa chifukwa sukuluyo inali pafupi ndi mudzi wawo. Iwo eni ankakhalitsa ku Mlolo, kumene anali kapitawo wa anthu olambula msewu, n'kumabwera pa njinga mwa apo ndi apo. Ine ndinatsala pakati pa abale awo, amene akamandinena ankati "aja a mabuku". Ndinkadziwa kuti mtengwa akalakwa samuthamangitsa ndi ndodo. Amangoitana ankhoswe, n'kumumangira mphasa yake ndi miphika, basi ukwati watha.

Tsiku lina aphunzitsi aakulu anatiuza kuti woyendera sukulu abwera mvula isanagwe, ndipo kalasi imene adzakhalitsemo ndi yanga, popeza ena ankati mayi woyamwitsa sangathe kusunga ana a eni. Ku koleji ndinalibe mbiri pa masamu kapena pa Chingerezi, koma pa ntchito za manja panalibe wondiposa. Ndiye ndinaganiza zomanga mudzi wonse wa apongozi anga pa chitseko chakale chimene chinkangokhala kuseri kwa kalasi: nyumba khumi ndi zinayi, nkhokwe zake, makola, chitsime ndi tinjira tonse, chilichonse pamalo pake, kuti ana aone mudzi wawo monga amauonera mphamba ali m'mwamba.

Nkhani inagona pa muyeso. Anatiphunzitsa kuti kanyumba kopanda muyeso ndi chidole chabe. Nditayerekeza kukula kwa chitseko ndi kukula kwa mudzi, ndinapeza kuti inchi imodzi pa chitseko iyenera kuimira mafiti asanu ndi limodzi pabwalo. Ku koleji tinali ndi tepi yoyezera. Pasukulu pathu panali rula imodzi yokha, ya fiti limodzi, imene aphunzitsi aakulu ankaitsekera m'bokosi pamodzi ndi choko. Ndinaibwereka, n'kuigoneka pa bango kasanu ndi kamodzi, n'kudula. Bango limodzi pabwalo, inchi imodzi pa chitseko. Ndinadziona wanzeru zedi. Sindinaime n'komwe kuti ndione kuti chimene ndadulacho ndi msinkhu wa munthu wamwamuna atagona.

Ntchitoyo ndinkaigwira masana ana akaweruka, wanga atagona pa chiguduli pansi pa bolodi. Dothi ndinkatapa pachulu, kulisinja, kulisefa, n'kulisakaniza ndi mchenga wosalala ndi ndowe youma yopera. Makoma ndinkaumbira pa mabotolo a inki ndi tizitini tosiyana kukula, nditakulunga tsamba la nthochi kuti dothi lisamatirire, ndipo khomo ndinkaboola ndi lezala lisanaume. Tinyumba tisanu toyamba tinang'ambika tonse ndi kutentha kwa Okutobala. Ndinalira ndithu, ndisabise. Kenako ndinaphunzira kutiumitsa pang'onopang'ono pansi pa saka lonyowa. Nkhokwe ndinkaluka ndi nsungwi zong'amba ngati ulusi, makola ndinkazika timitengo ta machesi otha, ndipo mitengo ya mthunzi inali tinthambi touma tomatapo thonje lonyika m'madzi a masamba osinja. Madenga ndinapanga monga anatiphunzitsira: kudula pepala lolimba la bokosi la choko, kulipinda ngati chipewa, n'kumatapo udzu wosalala kuyambira pansonga kutsikira m'munsi. Poyamba ndinkamata ndi phala la chinangwa, koma mphemvu zitadya madenga awiri ndinasintha n'kuyamba ulimbo.

Nyumba za m'mudzimo zinali zozungulira, choncho poyeza ndinkayenda ndi bango m'mbali mwa khoma, kuligunditsa, kuika chala pamene lathera, kulisuntha, mpaka nditabwerera pakhomo. Chiwerengerocho ndikachigawa patatu ndinkapeza kutambalala kwa nyumba. Anthu ankandiyang'ana ali chete. Ine ndinkayesa ndi chidwi.

Nditatsala ndi nyumba ziwiri zokha, ndinafika pa ya mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, mayi wanthabwala amene yekha ankandimasukira m'mudzimo. Anatuluka ndi lichero m'manja n'kuima.

"Alamu, ntchito ya adzukulu mwayamba liti? Kodi ku koleji amaphunzitsanso zimenezo?"

"Adzukulu ati?"

"Aja okumba manda. Nanga bango lalitali ngati munthu amayenda nalo m'mudzi mwa anthu amoyo? Mukamayeza ine muonjezereko pang'ono, sindifuna kukapinda miyendo."

Anaseka, koma kunali kuseka kwa pakamwa chabe.

Apa ndiyenera kunena zoona. Ndakhala ndikuuza anthu kuti sindinkadziwa, popeza ndinakulira pamishoni kumene atate anali ophikira ansembe, ndipo kumeneko womwalira ankamuyeza ndi kalipentala. Koma mlamu atangolankhula ndinakumbuka. Ndili wamng'ono, pa maliro a amalume kumudzi, ndinaona adzukulu awiri akutuluka m'nyumba ndi bango limene anali ataligoneka m'mbali mwa mtembo, akupita nalo kumanda kukayezera dzenje. Pomaliza analiponya m'dzenje momwemo. Komabe mawu amene anatuluka pakamwa panga anali akuti, "Izo n'zakale, alamu. Ili ndi bango la sukulu."

"Chabwino, aphunzitsi. Koma kwa atate musapite nalo. Tengani chingwe."

Chingwe cha khonje chinalipo. Koma khonje limatamuka, ndipo ine ndinkafuna kuti woyendera sukulu akatulutsa rula yake asapeze cholakwika n'chimodzi chomwe. Chifukwa changa chinali chimenecho basi. Ndafunafuna china chabwinopo, sindinachipeze.

Apongozi anga aamuna anali atadwala kuyambira nthawi yachisanu. Chifuwa anabwera nacho kumigodi ya kummwera kumene anagwira ntchito ali mnyamata, ndipo chaka chimenecho chinawagoneka. Asanadwale anali mmisiri wofolera. Madenga onse a m'mudzimo anali a manja awo. Ine ndi iwo tinali tisanalankhulanepo, monga mwa ulemu wa chipongozi. Ndikawaona akubwera panjira ndinkapatukira m'udzu n'kugwada, iwo n'kudutsa akuyang'ana kumbali. Nyumba yawo inali pakati penipeni pa mudzi, ndipo pa chitseko changa malo ake anangoti mbee.

Loweruka m'mawa anthu onse anapita kukasosa minda. Ndinadikira mpaka mudzi utati zii, n'kubereka mwana, kutenga bango, kope ndi pensulo. Sindinaodire. Ndinayambira kuseri. Bango likagunda khoma linkati kho, ndipo nthawi iliyonse ndinkaima kumvetsera. Nditagunditsa kachinayi, m'kati munamveka kutsokomola, kwa nthawi yaitali, kenako chete. Ndinadziwa kuti amva. Ndikanathawa pomwepo. Koma ndinapitiriza mpaka ndinakwanitsa kasanu ndi katatu n'kutulukira pakhonde.

Pakhondepo panali mphasa imene ankagonapo akatuluka kudzaothera dzuwa, ili ndi kamtsamiro kake. Mwana anayamba kuvuta n'kutsetsereka kumsana, ndiye ndinaika bango pansi kuti ndimange bwino nsalu ndi kulemba chiwerengero. Sindinaone pamene ndaliika. Nditaweramuka, apongozi anga aakazi anali ataima pafupi ndi nkhokwe, khasu lili paphewa. Anali atabwerera msanga kudzaphikira odwalawo phala. Sankayang'ana ine. Ankayang'ana pansi, ndiye nanenso ndinayang'ana. Bango linali litagona m'mbali mwa mphasa ija, kuyambira kumutu mpaka kumiyendo.

Anatsitsa khasu pang'onopang'ono. Sanakuwe, sanatukwane. Anangofunsa ndi mawu apansipansi, "Mwatha?"

Ndinagwada. "Amayi, ndi za kusukulu izi."

"Ndati mwatha? Ngati mwatha, nyamulani mupite nalo kumene likufunika."

Madzulo ake ndinatumiza ndiwo kwa apongozi monga mwa masiku onse, koma mbale inabwerera ili chivundikirire. Lamlungu kutchalitchi, amayi amene ndinkakhala nawo mzere umodzi anasunthira kutsogolo. Kuchitsime ndikafika nkhani zinkatha. Mwana wanga, amene kale ankangoyenda m'manja mwa aliyense, panalibe womutambasulira mikono. Lachiwiri odwala aja anatsokomola magazi. Lachitatu mlamu anabwera kuseri kwa nyumba yanga n'kulankhula chonong'ona, osalowa.

"Amayi atumiza mawu kwa ankhoswe. Adzakumana Lamlungu likudzali. Akuti mubwerere ku Zemba atate asanatsirizike."

"Nanga inu mwati chiyani?"

"Ine? Ine ndinanena kale, pakhomo panga pomwe. Munandiyankha zakale."

Ine amene ndinati izo n'zakale, sabata imeneyo ndinkaopa bangolo kuposa wina aliyense. Kuliotcha ndinkaopa, kuti mwina ndiotcha munthu. Kulitaya kuthengo ndinkaopa, kuti angati ndakalikwirira. Ndinalisomeka m'denga la kalasi, ndipo ndikamalemba pabolodi maso ankangothawira komweko. Mwana akangotentha thupi pang'ono ndinkakumbuka kuti tsiku lina anagwira bangolo n'kuika nsonga yake kukamwa. Ndinkapemphera kolona ndi dzanja limodzi, lina lili pachifuwa pake kumvetsera mmene akupumira. Ndipo choipa koposa nachi: masana onse a sabata imeneyo ndinkabwererabe ku chitseko chija. Ndinaumba kanyumba ka apongozi, mainchi awiri ndi theka kudza kanyenyeswa, ndinakaumitsa pansi pa saka, n'kukaveka denga. Manja anga sankadziwa china chochita.

Amuna anga anafika Loweruka masana, fumbi lili mbuu. Anayamba kaye apita kwa makolo awo, ndipo atabwera kunyumba anakhala pampando osavula chipewa.

"Amake mwana, anakuchenjezani kapena sanakuchenjezeni?"

Ndikananama. Mlamu sakanandiulula. "Anandichenjeza."

"Ndiye?"

"Khonje limatamuka."

"Khonje limatamuka. Mawa ndikanene zimenezo pamaso pa ankhoswe? Kuti atate akulavula magazi, koma pepani, khonje limatamuka?"

"Inu mukukhulupirira kuti ndawalodza?"

"Ine ayi. Koma amayi ndi amayi anga, ndipo atate akatisiya mwezi uno palibe adzandimvere, ngakhale ndifuule bwanji." Ananyamula mwana n'kumuika pamiyendo. "Akuti mawa mubwere nacho chinthu chanucho. Ndi bango lomwe."

"Anena ndani?"

"Atate."

Lamlungu titatuluka m'mapemphero tinapita kukatenga chitseko. Chinali cholemera, chofuna anthu awiri. Amuna anga anati achifunditse nsalu kuopa fumbi, koma mlamu, amene anabwera kudzandinyamuza, anawalanda nsaluyo.

"Alongo, mutu ukuyenda bwino? Chitseko chogona, chofunda nsalu, anthu awiri atanyamula, kulowera kwa odwala? Ndiye tingoyambiratu kulira pompano."

Tinanyamula chosafunda, ine kutsogolo mwana ali kumsana, mlamu kumbuyo, amuna anga akutsatira ndi bango atagwira ndi zala ziwiri ngati njoka yakufa. Tikamayandikira, amayi ankakokera ana awo m'nyumba. Njira ya pakati pa sukulu ndi mudzi si yaitali, koma tsiku limenelo ndinkangoganiza kuti kanyumba kaja kakagwa n'kusweka anthu akuona, ndiye kuti ndanena ndekha zimene akundiganizira.

Pakhonde tinapeza ankhoswe awiri, wa kuchimuna ndi wa kwathu, mlongo wanga wamkulu amene anayenda wapansi kuchokera ku Zemba ndipo anandilonjera osandiyang'ana. Apongozi aakazi anakhala pakhomo. Odwalawo anali atawatulutsa n'kuwatsamiritsa kukhoma, pa mphasa yomwe ija. Ndinali ndisanawaonepo pafupi chotero. Anali atatha, khosi ngati phesi. Tinatula chitseko patsogolo pawo, ine n'kukagwada chapatali, nditapotolokera kumbali.

Nkhoswe wa kuchimuna anayamba. "Taitanidwa pano chifukwa cha zimene zinaoneka pakhonde lino Loweruka la sabata yatha, ndipo amayi a pakhomo pano apempha kuti..."

Odwalawo anakweza dzanja. "Bweretsani mwanayo."

Mlamu anamumasula kumsana kwanga n'kukamukhazika pa mphasa, pafupi ndi bondo lawo. Popeza sakanalankhula ndi ine mwachindunji, analankhula ndi iye. Koma anayamba ayang'ana chitseko nthawi yaitali, akupuma movutikira. Chala chawo chinayenda m'kanjira ka kuchitsime, chinaima pa khola, chinaimanso pa nkhokwe ya mlamu imene ndinaipendeketsa monga inalili yeniyeniyo. Kenako chinafika pakati. Anazula denga la kanyumba kawo n'kulitembenuza.

"Iwe," anatero kwa mwana, "tawafunsa amako. Ichi n'chiyani?"

Nanenso ndinayankhira mwa mwana, ndikuyang'ana pansi. "Uwauze agogo kuti ndi denga."

"Denga? Pepala ili. Mapaso ali kuti? Mbaliro zili kuti? Udzu ayambira pansonga kutsika, ndiye mvula ikagwa madzi onse m'kati. Ine ndafolera mudzi uno wonse, palibe nyumba inadonthapo, lero mlendo wa masukulu abwere adzaone kuti kuno nyumba timaziveka zipewa za pepala?"

Chifuwa chinawagwira. Tinadikira onse mpaka chitawasiya, ndipo anapukuta pakamwa ndi kansalu kamene anabisa msanga pansi pa ntchafu.

"Atate ake a ana," anatero apongozi aakazi, "anthuwa sitinawaitanire madenga. Bango."

"Ndinalimva bangolo. Kasanu ndi katatu, ndinawerenga nawo. Ndili chigonere m'katimo n'kumati, anthuwa afulumira bwanji, ine ndikadapuma?" Palibe anaseka. "Ndinaopa, ndisaname. Masiku atatu phala silinatsike. Lipatseni kuno."

Palibe anasuntha. Kenako amuna anga analiika m'mphepete mwa mphasa n'kubwerera chafutambuyo. Apongozi aakazi anatulutsa kamawu ngati abayidwa. Odwalawo analitola, analiyang'ana uku ndi uku, n'kuligoneka okha m'mbali mwa thupi lawo.

"Uwauze amako kuti ngati ankafuna ine, awononga bango. Ndine wamfupi. Apa ponsepa n'potsala." Anasonyeza ndi chikhatho.

Mlamu anaphulika kuseka n'kudzitseka pakamwa. Apongozi aakazi misozi inali kutsika osapukuta.

"Koma lathunthu chonchi lisagonenso m'mudzi muno. Mpeni."

Anawapatsa. Anayesa kung'amba, koma manja ankanjenjemera ndipo mpeni unaterereka kawiri. Ndiye anaika mpeni ndi bango pansi n'kuzikankhira ndi phazi kumene ndinagwada.

"Uwauze amako ang'ambe. Pakati, kenako pakatinso, mpaka tikhale ngati timitengo ta machesi. Adule mfundo ziwiri za chala. Amenewo ndiwo mapaso."

Ndinang'amba anthu onse akuona. Bango long'amba limacheka ngati lumo, ndipo linandidula chala chachikulu. Ndinayamwa magazi n'kupitiriza, kuopa kuti angadonthere pa chitseko wina n'kuonapo zinanso. Iwo ankalangiza, mawu awiri atatu n'kupuma. Mapaso khumi ndi awiri, amangidwe pamodzi kunsonga, atambasulidwe m'munsi. Mbaliro zitatu za luzi lopyapyala, zizungulire. Nditafunsira mwa mwana kuti ndimangire chiyani, mlamu anandiponyera kankhosi pamiyendo.

"Nali khonje lanu lotamuka lija, aphunzitsi."

Udzu ndinkasankha nsonga zokhazokha, kumanga timitolo, kuyambira m'munsi, mzere uliwonse ukuphimba mitu ya unzake. Anandimasulitsa katatu. "Uwauze amako akuthamangira kuti? Ku Zemba?" Ankhoswe anakhala pomwepo ndi njala mpaka dzuwa litapendeka, nkhani imene anadzera isanatchulidwenso, ndipo ine sindinkadziwa ngati ndikufolera nyumba ya apongozi anga kapena ndikungotsazika. Mwana anagona atatsamira ntchafu ya agogo ake.

Nditamanga chisoti cha pansonga, mlamu anakapereka. Odwalawo anaika denga pa kanyumba, anaitanitsa madzi, n'kudontheza ndi chala kangapo. Atavundukula, m'kati munali gwa.

"Atsala khumi ndi atatu," anatero, tsopano akuyang'ana ankhoswe. "Bangoli lithere m'madenga momwemo, pasatsale kachidutswa. Munthu ali ndi ntchito yotere mukamutumiza kwawo, amaliza ndani?"

"Nanga mukatisiya?" anafunsa apongozi aakazi.

"Ndikakusiyani, chandipha ndi chifuwa chimene ndinabwera nacho amake mwanayu asanabadwe. Mwamva nonse awiri, mudzanene choncho." Anapumira. "Koma nkhuku apereke. Anandiopsa."

Ankhoswe anaomba m'manja kuvomereza. Apongozi aakazi anaimirira n'kulowa m'nyumba, ndipo ndinadziwa kuti nkhani yaima chabe, sinathe.

Madenga khumi ndi atatu aja ananditengera masabata atatu. Lililonse mlamu ankapita nalo pa lichero kuti odwalawo akalione, ndipo awiri anabwezedwa. Tizidutswa totsala ndinazika m'makola mpaka bango lonse linatha. Woyendera sukulu anabwera, anaima pa chitseko kanthawi kochepa, rula sanatulutse n'komwe. Anangofunsa chifukwa chake m'mudzimo mulibe zimbudzi, n'kulemba zake m'buku.

Apongozi anga anamwalira mvula yoyamba itangogwa. Pa maliro ndinakhala kuseri ndi amayi anzanga, ndipo ndinaona adzukulu akudutsa ndi bango lawo. Linalidi lalifupi kuposa langa. Ndinadziphimba kumaso ndi nsalu. Titachoka kumanda ndinakamanga miphika yanga ndi mphasa n'kuziika kuseri kwa chitseko cha nyumba yathu, chifukwa sindinkadziwa ngati mawu a munthu amene wapita angalimbe kuposa chisoni cha amene watsala. Amuna anga anaona mtolowo n'kuulambalala. Mwambo utakwana, nyumba ya malemu anaigwetsa, amayi aja n'kusamukira m'kanyumba kena pafupi ndi mlamu.

Patapita masiku, masana ana ataweruka, ndinamva odi pakhomo la kalasi. Anali apongozi aakazi, amene chikhalire anali asanapondepo pasukulu. Ndinagwada. Anandidutsa n'kukaima pa chitseko chija.

"Nyumba ija tagwetsa."

"Inde, amayi."

"Iyi ikadali chiimire."

Ndinatenga lezala, ndinadula dothi mozungulira pansi pa kanyumbako, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Ndinkayembekeza kuti akaphwanya pomwepo, kenako n'kunena za ulendo wanga. Anavundukula denga, anayang'ana kunsi kwake kuli mapaso, anayendetsapo chala, n'kubwezera. Kenako anakakulunga pa ngodya ya nsalu yawo n'kumanga mfundo. Atafika pakhomo anacheuka, koma anayang'ana mwana, osati ine.

"Iwe, tsitsi lakula. Uwauze amako abwere nawe mawa ndidzakumete. Ndipo miphika ija amasule. M'nyumba mwa mwana wanga musamaoneke ngati mukugona munthu wapaulendo."

Chimene anachita nako kanyumbako sindinafunse, ndipo mlamu, amene sasunga kanthu m'mimba, pa chimenechi sananeneko. Pakati pa chitseko panatsala kabwalo koyera kozungulira, ndipo sindinaumbepo china. Madzulo amenewo ndinamasula miphika. Mfundo ndinali nditamanga zolimba kwambiri moti zina ndinachita kudula ndi mpeni.